Tenga mpukutu wina: mawu a m'mawa kwa olemba amene nkhani zawo zabwezedwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Yeremiya 36, kenaka tidumphire pa mutu 45 umene uli ndi mavesi 5 okha. Ndikulankhula makamaka ndi inu amene mumalemba nkhani zazifupi, komanso inu amene pakhomo panu pali mwana, mkazi kapena mwamuna amene amagona mochedwa akulemba pa foni, ndipo masiku ano wangoti zii chifukwa yankho limene amadikira labwera loipa.

M'chaka chachinayi cha ufumu wa Yehoyakimu, Mulungu anauza Yeremiya kuti atenge mpukutu, alembemo mawu onse amene anamuuza kuyambira masiku a mfumu Yosiya. Amenewo anali maulaliki a zaka 23. Yeremiya ankanena, Baruki mwana wa Neriya ankalemba ndi inki, chilembo chimodzichimodzi. Chaka chotsatira, mwezi wa 9, pa tsiku losala kudya, Baruki anakawerenga mpukutuwo ku Kachisi, poti Yeremiya anali ataletsedwa kupondako. Nduna zitamva zinamuitana kuti aziwerengerenso, ndipo zinayang'anana mwamantha. Kenaka mpukutu unafika kwa mfumu. Kunali kukuzizira, mfumu ili m'nyumba yake ya nyengo yachisanu ikuwotha moto wa m'mbaula. Yehudi, amene mfumu inamutuma kukatenga mpukutuwo, akawerenga magawo atatu kapena anayi, mfumu inkadula ndi kampeni ka mlembi n'kuponya pamoto. Awerengenso, idulenso. Elinatani, Delaya ndi Gemariya, ena mwa nduna zija, anaichonderera kuti isawotche, koma sinawamvere, mpaka mpukutu wonse unasanduka phulusa.

Ine mtima wanga umakhala pa Baruki. Dzanja limene linatopa linali lake. Iye ndi amene ankadziwa kuti mzere uwu anaulemba kuwala kukutha, mzere uwo anaulemba msana ukuwawa. Munthu amene sanalembepo amaona ngati nkhani ya masamba 10 ndi ntchito ya madzulo amodzi. Wolemba amadziwa kuti muli miyezi, muli magetsi amene anazima chiganizo chili pakati, muli bandulo ya intaneti imene anagula ndi ndalama ya ndiwo kuti atumize.

Lero mbaula kulibe. Kuli imelo ya mizere itatu: tathokoza potitumizira nkhani yanu, taiwerenga mosamala, koma pakadali pano sitiitenga, tikukufunirani zabwino. Kapena mumatsegula Submittable, tsamba la pa intaneti pamene magazini ambiri amalandirira nkhani, n'kupeza kuti pomwe kwa miyezi inayi panalembedwa In-Progress (ikuunikidwa) tsopano palembedwa Declined (yakanidwa). Mumatseka foni, mumaitsegulanso ngati mawuwo asintha. Palibe amene wafotokoza chomwe chalakwika. Ululu umenewu ndi weniweni, ndipo sindikufuna kuti wina aliyense mu mpingo aziuchepetsa ndi mawu akuti zimenezo n'zachibwana, kapezeni ntchito. Mulungu amene analamula Yeremiya kuti alembe sayesa kulemba chibwana.

Koma pano ndiyenera kunena chinthu chimene ena sachikonda. Mkonzi wa magazini amene wakubwezerani nkhani si Yehoyakimu. Mfumu ija inawotcha mpukutu chifukwa inamva bwino lomwe zimene unkanena ndipo inadana nazo. Akonzi ambiri amabweza nkhani chifukwa malo ndi ochepa, zotumizidwa ndi mulu. Mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize, umene kulowa kwake n'kwaulere, unalandira nkhani zoposa 7,000 mu 2024, pomwe opambana m'zigawo amakhala 5 okha. Kodi ena onsewo analemba zopanda pake? Ayi ndithu. Magazini a kuno ku Africa monga Lolwe wa ku Kenya, Doek! wa ku Namibia ndi Omenana wa ku Nigeria amayendetsedwa ndi anthu ochepa, ambiri mwa iwo olemba anzathu amene nawonso amabwezeredwa zawo kwina. Mu February 2023, magazini ya Clarkesworld ya ku America inayamba yatseka kulandira nkhani chifukwa anthu anaithira mazana a nkhani zolembedwa ndi makina. Mkonzi wotero akafika pa nkhani yanu amakhala atatopa kale maso. Nthawi zina waikonda koma mwezi watha anatenga ina yofanana nayo. Nthawi zinanso, tinene zoona, nkhaniyo sinapse: chiyambi chatalika, mathero athamanga, anthu a m'nkhanimo onse akulankhula mofanana. Mkhristu amene amatcha kukanidwa kulikonse kuti ndi chizunzo kapena mphamvu za mdima amadzitsekera yekha khomo lophunzirira.

Tsono Mulungu anati chiyani mpukutu utapsa? Vesi 28 ndi yachidule: tenga mpukutu wina, ulembemo mawu onse oyamba aja. Sanawaukitsire phulusa lija kuti likhalenso mpukutu, ngakhale akanatha kutero. Anabisa Yeremiya ndi Baruki kuti mfumu isawagwire, kenaka anawabwezera ku ntchito. Yeremiya anayambanso kunena, Baruki anayambanso kuviika cholembera mu inki. Ndipo vesi 32 ikutseka mutuwo ndi mawu amene ndimawakonda kwambiri: pa mawu oyamba aja anawonjezerapo ena ambiri onga omwewo. Mpukutu wachiwiri unali wodzaza kuposa woyamba.

Kwa wolemba wa lero, kutenga mpukutu wina kumayamba ndi kutsegulanso nkhani ija mtima utazizira. Isiyeni milungu iwiri kapena itatu. Kenaka muiwerenge mokweza, muli nokha m'chipinda. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali vuto. Mupatse munthu amene sakuopani, osati mayi anu kapena mnzanu amene chilichonse amangoti mwalemba bwino achimwene. Miyambo 27:6 imati mabala amene bwenzi lakupweteka nawo ndi okhulupirika. Ngati mkonzi wawonjezera ngakhale chiganizo chimodzi cha iye mwini, monga kunena kuti anakonda chiyambi koma mathero sanamugwire, kapena kuti mudzatumizenso ina, musachitaye. Akonzi salembera aliyense zotere. Mukakonza, tumizani kwina. Werengani kaye magazini imene mukutumizako, muone zimene amakonda, ndipo tsatirani malamulo awo a kutalika kwa nkhani. Nkhani zambiri zimabwezedwa zisanawerengedwe n'komwe chifukwa mwini wake anatumiza mawu 7,000 pomwe anapempha 3,000.

Nanga zodzitulutsira nokha buku la pa foni, lija timati ebook? Ambiri akabwezeredwa kangapo amati basi, sindidzagwadiranso munthu, ndidzitulutsira ndekha. Njira imeneyi si tchimo ndipo si ya anthu olephera. Kuyambira 2007 pamene Amazon inatsegula mwayi woti munthu aziika yekha buku lake pa Kindle, ndi 2008 pamene Smashwords, tsamba lina logulitsirapo mabuku otere, inayamba, olemba ambiri afikira owerenga popanda kudutsa kwa mkonzi aliyense. Kwathu kuno ena amangopanga PDF, n'kulengeza pa WhatsApp ndi pa Facebook, wofuna amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Kwa wolemba m'Chichewa, amene magazini omulandira ndi owerengeka, khomo limeneli ndi dalitso lenileni. Baruki naye sanadikire chilolezo cha mfumu kuti akawerengere anthu.

Chimene ndikupempha n'chakuti mulowe pa khomo limeneli maso ali otsegula, poti walira mvula walira matope. Ntchito yonse imene mkonzi akanagwira imagwera inu: kusaka zolakwika, kukonza chikuto, kusanja masamba kuti aziwerengeka pa foni yaing'ono, kulengeza tsiku ndi tsiku. Ndalama yake nayonso muidziwiretu. Pa Amazon, buku la mtengo wochepera madola 2.99 limakupatsani 35 pa 100 iliyonse. Nkhani imodzi yaifupi anthu ambiri amaigulitsa masenti 99, ndiye kuti inu mumatsala ndi masenti pafupifupi 35 pa wogula mmodzi. Pa zogulidwa ku America amadulaponso msonkho wa 30 pa 100 kwa olemba a m'mayiko amene alibe pangano la msonkho ndi dzikolo, ndipo Malawi ali m'gulu limenelo. Ndalamayo imabwera patapita masiku pafupifupi 60 mwezi utatha. N'chifukwa chake ambiri amasonkhanitsa nkhani zingapo kukhala buku limodzi m'malo mogulitsa imodziimodzi. PDF nayo ili ndi lake: mwagulitsa kwa munthu mmodzi m'mawa, pofika madzulo ili m'magulu atatu kwaulere. Ndipo abale amene timatumizirana mabuku a anthu motere, tidzifunse ngati lamulo lakuti usabe lili ndi chiganizo chopatula mabuku.

Palinso china chimene olemba achinyamata ambiri amachidziwa mochedwa. Magazini ambiri amafuna nkhani imene sinatulukepo kwina kulikonse. Mukaiika pa Facebook yonse, kapena mukaitulutsa ngati ebook, kwa iwo yatuluka kale ndipo saitenganso. Mphoto ya Caine ya nkhani zazifupi za olemba a ku Africa, imene inayamba kuperekedwa mu 2000 ndipo wopambana amalandira mapaundi 10,000, silandira nkhani yodzitulutsira wekha. Wotumiza amayenera kukhala wofalitsa. Mmalawi mnzathu Stanley Kenani anafika pa mndandanda womaliza wa mphotoyi mu 2008 ndi mu 2012, ndipo anafikapo ndi nkhani zimene ena anayamba azilandira n'kuzifalitsa. Choncho nkhani imene mwaitulutsa usiku umodzi chifukwa cha mkwiyo mwina mwaitsekera makomo amene ikanalowa ikanadikira miyezi itatu. Kumbukiraninso kusunga makope anu pamalo angapo. OkadaBooks ya ku Nigeria, imene inathandiza olemba ambiri a ku Africa kugulitsa mabuku a pa foni kuyambira 2013, inatseka mu 2023. Nyumba ya eni ikhoza kutsekedwa tsiku lililonse.

Tsopano tsegulani mutu 45. Ndi uthenga wa Mulungu wopita kwa Baruki yekha, m'chaka chimene ankalemba mpukutu uja. Baruki anali atadandaula kuti tsoka kwa ine, Yehova wawonjezera chisoni pa zowawa zanga, ndatopa ndi kubuula, sindikupeza mpumulo. Mulungu anamva mawu amenewo ndipo anawabwereza mmene analili, kusonyeza kuti kudandaula kwa mlembi wotopa kumafika kumwamba. Koma anamufunsanso funso lolasa: kodi ukudzifunira zinthu zazikulu? Usazifune. Dziko linali pafupi kugwa, ndipo chimene Mulungu anamulonjeza si dzina kapena mpando, koma moyo wake kulikonse kumene adzapite.

Funso limeneli limatipeza tonse, wotumiza ku magazini ndi wodzitulutsira yemwe. Kufuna kuwerengedwa sikulakwa. Palibe amene amalemba kuti abise pansi pa mphasa. Kufuna kulipidwa sikulakwanso, wantchito ayenera malipiro ake. Koma pali njala ina imene imabisala pansi pa zimenezi, yofuna kuti amene anatikana adzachite manyazi, kuti anzathu a kusukulu adzaone dzina lathu pa chikuto. Njala imeneyi ndi imene imachititsa munthu kutulutsa buku lodzaza zolakwika sabata yomweyo imene wabwezeredwa, kenaka n'kumatsegula foni ola lililonse kuona ngati wina wagula, n'kukwiyira abale amene sanagule. Mlaliki 12:9-10 imati Mlaliki uja ankasinkhasinkha, kufufuza ndi kusanja miyambi yambiri, akusakasaka mawu okoma ndi kulemba zoona mowongoka. Luka naye akuuza Teofilo kuti anayamba wafufuza zonse mosamala kuchokera pachiyambi asanalembe. Ngati anthu amene Mzimu Woyera ankawatsogolera ankagwira ntchito yotere pa mawu awo, ife tingaikane bwanji pa nkhani zathu? Wowerenga amene wachotsa K2,000 yake kuti agule buku lanu ndi mnansi wanu, ndipo kumukonda ndiko kumupatsa chinthu chimene mwachisamalira mpaka pa chizindikiro chomaliza.

Inu amene simulemba koma mumakhala ndi wolemba, lero musamufunse kuti ndalama zake zili kuti. Mupempheni akuwerengereni tsamba limodzi, ndipo mumvetsere mpaka amalize.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene munamva kubuula kwa Baruki, imvani ana anu amene adzuka ndi imelo yowabwezera ntchito yawo. Achotsereni manyazi ndi mkwiyo, muwapatse mphamvu yotsegulanso nkhani ija ndi maso oona chofunika kukonza. Atumizireni bwenzi lonena zoona. Dalitsani akonzi amene akuwerenga milu ya nkhani usiku atachoka ku ntchito zina. Apatseni chilungamo ndi mawu aulemu poyankha. Amene akukonzekera kudzitulutsira mabuku, atetezeni kwa anthu owadyera ndalama ndi kwa okopera ntchito yawo, ndipo muwapezere owerenga. Amene akulemba m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina zathu, atsegulireni makomo amene lero palibe. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.