Germanium ili ndi nkhope ziwiri: nambala ya Abbe m'malenzi a infrared

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikukamba za malenzi a makamera oona kutentha, amene amagwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, ndipo ndikupempha kuti mufike nane pa mfundo yachitatu, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera.

Choyamba, galasi wamba salola kuwala kwa mafunde otalika ma micron 8 mpaka 12 kudutsa (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), n'chifukwa chake opanga malenzi amagwiritsa ntchito zinthu zimene zimalola kuwalako kudutsa, monga germanium kapena zinc selenide. Refractive index, nambala yosonyeza mmene chinthu chimakhotetsera kuwala, imakhala pafupifupi 4.0 pa germanium ndi 2.4 pa zinc selenide.

Chachiwiri, nambalayi imasintha malinga ndi utali wa funde la kuwala, ndipo kusinthako kumawerengedwa ndi masamu otchedwa a Sellmeier, amene mapulogalamu a pakompyuta okonzera malenzi monga Zemax ndi CODE V amagwiritsabe ntchito. Musagwiritse ntchito masamuwo kunja kwa malire a mafunde amene anayezedwa. Ngati simunadine batani la subscribe, dinani tsopano.

Chachitatu, bodza limene limandiwawa mtima ndi lakuti chinthu chilichonse chili ndi nambala imodzi ya Abbe, ngati dzina lobadwa nalo. (Nambala ya Abbe imasonyeza mmene chinthu chimamwazira kuwala kwa mafunde osiyana utali: ikakhala yaikulu, kumwazako kumakhala kochepa.) Ayi ndithu! Nambala ya Abbe ya m'mabuku imayezedwa pa ma nanometre 486, 588 ndi 656 (nanometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micron), kuwala kooneka ndi maso, kumene sikudutsa n'komwe mu germanium. Mu infrared muyenera kuiwerengera mwatsopano pa chigawo chimene kamera yanu ikugwirira ntchito. Pa ma micron 8 mpaka 12, nambala ya germanium imaposa 800, kutanthauza kuti simwaza kuwala kwenikweni. Koma pa ma micron 3 mpaka 5, germanium yomweyo imatsika kufika pafupifupi 100, moti m'lenzi ya magalasi awiri silicon ndi imene imasonkhanitsa kuwala, pamene germanium imaikidwa kuti ikonze kumwazikako. Mukasokoneza zigawo ziwirizi, chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino ngakhale kompyuta itavomereza masamu anu onse. Amene munakumanapo nazo, tiuzeni m'makomenti.

Chachinayi ndi kutentha. Refractive index ya germanium imakwera ndi pafupifupi 0.0004 pa digiri iliyonse, ndipo germanium ikatentha kupitirira madigiri 100 a Celsius imayamba kumeza kuwalako. Mmene magalasi ena odutsa infrared otchedwa chalcogenide amachepetsera vutoli tidzaona m'vidiyo ya sabata yamawa.