Kupanga chitsulo chokhazikapo winchi kutsogolo kwa galimoto ya 4x4

Takulandirani nonse. Lero tifotokoza mmene munthu wodziwa kuwotcherera angapangire yekha chitsulo chokhazikapo winchi (makina okokera galimoto ndi chingwe ikatitimira) pa galimoto monga Toyota Land Cruiser 79 kapena Hilux, zomwe timazidalira misewu yafumbi ikasanduka matope m'dzinja.

Ambiri akamapanga chitsulochi amangoganizira kulemera kwa winchiyo, komwe nthawi zambiri kumakhala pakati pa makilogalamu 30 ndi 45, ndipo ngozi imayambira pamenepo. Ntchito yeniyeni ya chitsulochi ndi kulandira mphamvu yonse imene winchi ikukokera n'kuipereka ku chassis, zitsulo zikuluzikulu za pansi zimene zanyamula galimoto yonse. Winchi yolembedwa 9,500 lb (mapaundi) imakoka makilogalamu pafupifupi 4,300, pomwe ya 12,000 lb imapitirira 5,400. Opanga mawinchi amalangiza kuti mutenge kulemera kwa galimoto yodzaza katundu n'kuchulukitsa ndi 1.5, choncho galimoto ya makilogalamu 3,300 imafuna winchi yokoka pafupifupi matani 5. Mphamvu yonseyo idzadutsa m'chitsulo chimene mwapanga, ndipo chikathyoka, winchi ndi chingwe chake zimauluka kulowera kumene kwaima anthu.

N'chifukwa chake ntchito imayambira pa chassis, osati pa winchi. Chotsani bampala, muone nsonga ziwiri za chassis ndi mabowo amene opanga galimoto anaboola kale, chifukwa chitsulo chanu chiyenera kumangidwa pamenepo ndi mabawuti, mbali zonse ziwiri. Sindikulangizani kuchiwotcherera pa chassis penipeni, popeza moto umasintha kulimba kwa chitsulo cha pamalopo ndipo ming'alu imakonda kuyambira m'mphepete mwa pomwe pawotcheredwa. Ngati bawuti ikudutsa pamalo pamene chassis ndi yamphako, lowetsani kapaipi kochindikala m'katimo kuti bawutiyo idutsemo. Mukapanda kutero, pomanga mudzafinya makoma a chassis ndipo bawuti idzakhwefuka pakapita nthawi. Galimoto zatsopano zokhala ndi ma airbag zimafuna kusamala kwapadera, chifukwa kutsogolo kwake kunapangidwa kuti kuzifwanyika mwa njira yake pa ngozi, ndipo chitsulo cholimba choikidwa molakwika chingasokoneze nthawi imene ma airbag amatsegukira. Pa galimoto zotere, n'kwanzeru kugula chopangidwa kale chimene chinayesedwa pa galimoto ya mtundu umenewo.

Musanadule chitsulo chilichonse, dulani katoni m'maonekedwe amene mukufuna n'kuiyeza pagalimoto. Katoniyo ikuuzani ngati winchi ikutchinga mphepo yopita ku rediyeta, ngati dzanja likufika pa kachitsulo komasulira dilamu (pomwe chingwe chimakulungika), komanso ngati mudzatha kuona chingwe chikamakulungika.

Chitsulo chenichenicho chisachepere mamilimita 6 kuchindikala kwake, ndipo pa winchi ya 12,000 lb ine ndimakonda cha mamilimita 8. Komabe kuchindikala pakokha sikokwanira. Chitsulo chafulati chimapindika msanga, koma mukachikhotetsa m'mphepete mwake kutsogolo ndi kumbuyo kuti chikhale ngati ngalande, chimalimba kwambiri, monga mmene malata ofolera nyumba amalimbira chifukwa cha mizere yake ngakhale ali opyapyala. Pamene ngalandeyo ikukumana ndi zitsulo za m'mbali zogwira chassis, ikanipo tizitsulo ta makona atatu, chifukwa pamakona amenewo ndi pamene mphamvu imaunjikana, makamaka chingwe chikamakoka chammbali.

Powotcherera, yambani mwasema m'mphepete mwa zitsulozo kuti moto ulowe mpaka m'kati. Malodi a E7018, osungidwa pouma, ndi oyenera ntchito yonyamula mphamvu yotere kuposa a E6013 amene ambiri amawotcherera nawo mageti ndi mawindo. Gwirizitsani zidutswa zonse ndi timadontho ta moto zili pagalimoto, mutachotsa mawaya a batire, kenako muchitsitse n'kumalizira pansi. Wotcherani pang'onopang'ono mosinthanasinthana mbali, kuti kutentha kusakokere chitsulo mbali imodzi.

Zimenezi n'zofunika pa chifukwa chimene ambiri sachiganizira. Winchi ili ndi mota kumbali ina ndi magiya kumbali inayo, dilamu ili pakati, ndipo zonsezi ziyenera kukhala pa mzere umodzi. Mukaimanga pa chitsulo chopotoka, mabawuti amaikakamiza kupotoka nayo, dilamu imayamba kukhula ndipo miyendo ya winchi imatha kung'aluka. Choncho chitsulo chikazizira, ikanipo rula yachitsulo m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, ndipo mabowo a winchi muboole pamapeto, kuwotcherera kutatha.

Mawinchi ambiri a msinkhu umenewu ali ndi mabowo 4 otalikirana mamilimita 254 m'litali ndi 114.3 m'lifupi, ndipo amamangidwa ndi mabawuti a M10, kutanthauza onenepa mamilimita 10. Yezani kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ikafanana, mabowo ali m'malo mwake. Pamutu pa bawuti iliyonse pakhale nambala 8.8 kapena 10.9 yosonyeza kulimba kwake, ndipo yopanda nambala isayandikire ntchito imeneyi. Samalaninso kutalika kwake, chifukwa yaifupi siigwira nati yonse, pomwe yaitali imakagunda thupi la winchi n'kuoneka ngati yalimba pamene winchi idakali yogwedera. Bawuti ya M10 ya 8.8 imamangidwa pafupifupi 45 mpaka 50 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti), koma muyezo wa m'buku la winchi yanu ndi umene muyenera kutsatira.

Winchi ikakhala pamwamba pa chitsulo, chingwe chizituluka cha kunsi kwa dilamu, motsatira muvi wojambulidwa pa winchiyo. Bureki yake inapangidwa kuti izigwira chingwe chikamakulungika mbali imeneyo, komanso chingwe chikamadutsa pafupi ndi chitsulo mphamvu yofuna kuzula winchi imachepa. Polowera chingwe, pamene timamangapo fairlead (chipangizo chotsogolera chingwe), payang'anizane ndi pakati pa dilamu. Chingwe chachitsulo chimafuna fairlead ya mateyala, pomwe chingwe chaulusi chimafuna yosalala ya aluminiyamu, ndipo pakamwa pa chitsulo chanu pakhale potakasuka ndi posalazidwa bwino kuti chingwe chisakhule paliponse.

Boolani timabowo totulutsira madzi pansi pa ngalande, mupake penti yoteteza dzimbiri, kenako mumange.

Poyesa koyamba, sankhani malo otsetsereka pang'ono, mumange chingwe ku chinthu cholimba kuti winchi ikoke galimoto, injini ili yoyaka chifukwa winchi ikalemedwa imatha kukoka ma amp oposa 400. Yalani bulangete lolemera pakati pa chingwe, anthu onse aime kutali ndi mzere wake, ndipo muwonjezere kulemera pang'onopang'ono poponda bureki ya galimoto. Mukamaliza, yang'anitsitsani paliponse pamene munawotcherera. Penti ikasweka pamalo ena, ndiye kuti chitsulo chasuntha pamenepo, ndipo muyenera kuchitsitsa n'kupakonza musanapite nacho kutchire. Pomaliza bwerezani kumanga mabawuti onse, a winchi ndi a pa chassis omwe.