Makalata a omvera: chiswe chandidyera mabuku

Takulandiraninso omvera athu, mwaswera bwanji kumene muliko. Sabata yatha ndinapempha kuti mundilembere za mabuku, mumawerenga nthawi yanji, mumasunga pati, ndiye makalata ndi mameseji afika ambiri moti onse sangatheke lero, ndasankhapo atatu ena tidzapitiriza.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, akuti:

"Zikomo aulutsi. Ine ndinayamba kusunga mabuku ndili mnyamata, loyamba anandipatsa ndi malume anga ndipo mpaka pano ndili nalo olo kuti kava inachoka kalekale. Pano akwana 340, ena ogula, ena opatsidwa, ena anzanga atamwalira ana awo anabwera nawo kuti bambo tengani inu ndi amene mumakonda zimenezi. Malo anachepa ndiye ambiri ndinaika m'makatoni pansi kuchipinda, ena ndinamanga m'majumbo kuti fumbi lisalowe. Mwezi watha ndikufuna buku lina la mbiri yakale ndatsegula katoni ndapeza chiswe chalowera pansi, mabuku 20 atheratu, a m'majumbo aja nawo achita nkhungu akununkha. Ndinangokhala pansi osayankhula mpaka mayi akunyumba amayesa ndadwala. Ndithandizeni ndipulumutse otsalawo, komanso n'chifukwa chani mapepala amasanduka achikasu n'kumayoyoka ngati masamba ouma?"

Pepani kwambiri bambo, pepani zedi. Nditawerenga kalata yanuyi mtima unandiwawa makamaka pa mabuku a anzanu omwalirawo, chifukwa amenewo simungapite kukagula ena, muli dzina la mnzanu pa peji yoyamba, muli mizere imene iye anadula ndi bolopeni yake.

Choyamba, lero lomwe makatoni onse achoke pansi. Katoni payokha ndi chakudya cha chiswe, ndiye mukaika mabuku m'katoni pansi mwachiitanira nokha. Mabuku akhale pa shelufu yokwera, ndipo shelufuyo isagunde khoma, musiye kampata koti dzanja lilowe kumbuyo, mpweya uziyenda komanso muzitha kuona ngati chiswe chayamba kumanga njira zake zadothi zija. Majumbo aja chotsani onse. Anthu ambiri amaganiza kuti pulasitiki imateteza koma imatsekera chinyezi mkati, buku limachita thukuta m'menemo nkhungu n'kumera. Amene achita kale nkhungu muwapatule kwa anzawo, muwaimike chotsegula pamthunzi pamene pakuwomba mphepo, osati padzuwa ayi, akauma bwinobwino mupukute ndi kaburashi kofewa muli panja, mutavala kansalu kumphuno chifukwa fumbi la nkhungu si labwino pachifuwa. Musapukute ndi nsalu yonyowa, mungowonjezera vuto. Palinso mphemvu ndi tizilombo tina tating'ono tasiliva tothamanga ngati tinsomba, timeneti timakonda guluu wa kumsana kwa buku, ndipo timakhazikika m'mabuku amene sagwidwagwidwa. Ndiye kamodzi pamwezi muzitsitsa, kupukuta, kutsegula mapeji. Buku lowerengedwa pafupipafupi silidyedwa msanga.

Za chikasuzo, vuto lili m'pepala momwemo. Kalekale mapepala ankapangidwa ndi nsanza za nsalu, n'chifukwa chake ena mwa Mabaibulo amene Johannes Gutenberg anasindikiza mumzinda wa Mainz ku Germany cha m'ma 1455 alipobe mapeji ake ali olimba. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800 mafakitale anayamba kupanga mapepala ndi mitengo, ndiye mumtengo muli chinthu chotchedwa lignin, chikakumana ndi kuwala ndi mpweya chimasintha mtundu, asidi wa m'pepalamo n'kumalifooketsa pang'onopang'ono. Siyani nyuzipepala pawindo masiku ochepa muona zimene ndikunenazi. Kubweza simungabweze koma kuchedwetsa mungathe, shelufu ikhale kutali ndi windo lolowa dzuwa ndi malo otentha. Mabuku ena atsopano amalemba mkati kuti acid-free, kutanthauza opanda asidi, kapena amaika kachizindikiro kooneka ngati 8 wogona, amenewo amakhalitsa. Ndipo chonde bambo, peji ikang'ambika musamate ndi seloteyipi, pakapita zaka imauma n'kugwa n'kusiya banga lofiirira losachoka.

Poti akwana 340 ndikupemphani mugule kope mulembe onse, mutu, mlembi, ndi amene anakupatsani. Mukafuna kuwasanja ngati ku laibulale, njira imene Melvil Dewey anatulutsa mu 1876 imagawa mabuku m'magulu 10, a chipembedzo ku 200, a sayansi ku 500, nthano ndi ndakatulo ku 800, mbiri yakale ija mumafuna ku 900. Koma pakhomo si pa laibulale, ine anga ndimasanja momwe ndimawakondera, apamtima amakhala pofika dzanja ndili pabedi. M'kope momwemo muzilembanso wobwereka ndi tsiku, chifukwa mabuku ambiri amatayika choncho.

Yachiwiri ndi meseji ya pa WhatsApp, yachokera kwa mtsikana wa zaka 22:

"Aulutsi ine mabuku ndimawakonda heve, ndikaona buku ndimagula basi, pano ali 15 pambali pabedi koma omaliza ndi awiri okha, ndikati ndiwerenge ndimayamba ndaona kaye foni kenako ndangozindikira 12 koloko yakwana tulo tabwera. Ndimachita manyazi anzanga akamati iwe umawerenga kwambiri eti. Kodi ndisiye kugula?"

Achemwali, manyaziwo asiyeni. Ku Japan ali ndi mawu akeake a zimenezi, amati tsundoku, kuunjika mabuku osawawerenga, ndiye mukuona kuti si inu nokha. Kugula musasiye, ingopumirani kaye mpaka mutamaliza limodzi. Pa 15 pajapo sankhani limene mtima ukulifuna lero, osati limene mukuona ngati ndi lanzeru kwambiri, enawo achotseni pambali pabedi chifukwa mulu wonsewo ukamakuyang'anani umakufooketsani. Foni muziitchaja kutali ndi bedi, pamene imagona foni pazigona buku. Mapeji 10 okha patsiku, owerengeka chabe, koma buku la mapeji 300 latha pamwezi, pachaka mabuku 12. Ndipo ngati usiku tulo timakupezani msanga sinthani nthawi, m'mawa musanatsegule data, kapena muziyenda nalo m'chikwama, pamzere podikira paja m'malo motulutsa foni mutulutse buku.

China chimene anthu sauzana, buku likakukanani mutawerenga mapeji 50 lisiyeni, palibe amene adzakulembetseni mayeso. Ine pali mabuku amene ndinawasiya ndili ndi zaka ngati zanuzi ndinadzawatsegulanso patapita zaka 10 n'kuwamaliza masiku atatu, nthawi yake inali isanakwane basi. Foniyonso si mdani pa zonse, pa intaneti pali Project Gutenberg imene Michael Hart anayambitsa mu 1971, muli mabuku akale masauzande ambiri aulere ndipo ololedwa, mukhoza kutsitsa n'kumawerenga opanda data. Kungoti pafoni mameseji amalowerera, ndiye muzizimitsa kaye manotifikeshoni.

Yomaliza yalembedwa ndi mdzukulu m'malo mwa agogo ake aakazi, ndiwerenga momwe ilili:

"Mwanawe, ine ndawerenga moyo wanga wonse, ana ndalera buku lili pamiyendo. Pano maso akuchita chifunga, zilembo zikusakanikirana, ndikagwira buku misozi imangotuluka. Mdzukulu wangayu amandiwerengera madzulo koma amathamanga ndiponso amatopa. Mabuku anga ndimangowasisita. Kodi kumvetsera wina akuwerenga ndi kuwerenganso kapena ine zanga zatha?"

Agogo, zikomo potilembera, ndipo ayi zanu sizinathe. Koma ndiyambe ndi masowo. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi, zimenezo magalasi owerengera amathandiza. Koma chifunga mukunenachi nthawi zambiri kwa akuluakulu imakhala ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa ndi opaleshoni yaifupi anthu n'kuyambanso kuona. Ine si dokotala ndipo sindinakuoneni, ndiye mdzukulu iwe ukumva, uwaperekeze agogo kwa adokotala a maso akawayeze, usachedwe chifukwa matenda ena a maso akachedwa sabwerera.

Pa funso lanu lenileni, ine ndikuti inde mukuwerenga. Nkhani ikulowa m'mutu mwanu, mukuikumbukira, mukuikonda kapena kuikana, khomo lolowera ndi limene lasintha. Louis Braille wa ku France anasiya kuona ali kamwana, pofika 1824 ali ndi zaka 15 anali atakonza zilembo za timadontho 6 zimene osaona amawerenga ndi zala mpaka lero, ndipo palibe amene anganene kuti amenewo sawerenga. Aliponso mabuku a zilembo zikuluzikulu, aliponso mabuku omvera amene munthu anajambulidwa akuwerenga, mdzukulu akhoza kukuikirani pafoni kapena pa memori kadi muzimvera masana iye ali kusukulu.

Ndiye iwe mdzukulu ndikuyankhule pang'ono. Ukuchita chinthu chachikulu kwabasi, ndakunyadira. Kuwerenga mokweza kumatopetsadi, pakhosi pamauma, ndiye usamalimbane ndi chaputala chonse, mphindi 15 zakwana, madzi akhale pafupi. Uziima pamene pali mpumiro, uziwapatsa mpata agogo anenepo zawo, chifukwa mabuku amenewo ena anawawerenga iwe usanabadwe ndipo akuuza zinthu zimene m'bukumo mulibe. Uziwasiya asankhe okha buku, alipeze ndi manja awo pa shelufupo, aligwire kaye asanakupatse.

Agogo mukabwerako kwa adokotala mutiuze zimene akuuzani, ndipo mutiuzenso buku limene mukumvera panopa. Nthawi yatithera omvera, sabata yamawa tiyamba ndi kalata ya mayi wina amene akufunsa kuti mwana wa miyezi 8 angayambe kumuwerengera kapena adikire kaye ayambe kuyankhula, amene munayesapo ndi ana anu tilembereni tidzawerenge limodzi ndi yawoyo.