Zoyenera kuchita dzino likaguluka pa ngozi

Omvera athu, lero tikambirane za munthu amene wavulala kumaso, kaya wagwa pa kabaza kaya wagundana ndi mnzake pa mpira, ndipo dzino laguluka ndi muzu womwe. Musanayambe kufunafuna dzino m'fumbi, yambani mwaona munthuyo. Ngati anakomoka, akusanza, akubwebweta, kapena mano akumwamba ndi akumunsi sakulumananso monga kale, thamangirani naye kuchipatala, chifukwa mwina wavulala m'mutu kapena wathyoka nsagwada, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa dzino.

Ngati ali bwino, tolani dzinolo pogwira mbali yoyera imene imaonekera m'kamwa, osakhudza muzu. Pamuzupo pali timinofu tamoyo timene timalumikiza dzino ku fupa, ndipo dzino likakhala louma kwa mphindi zoposa 60 timinofuti timafa. Choncho musalikweche ndi mswachi, musalitsuke ndi sopo, ndiponso musalikulunge m'pepala, ngakhale ambiri amatero poganiza kuti akulisamala. Litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka, mulibwezere pamalo pake mukuyang'ana dzino loyandikana nalo kuti lisalowe motembenuka, kenako wovulalayo alume kansalu koyera kuti likhazikike. Ngati manja akunjenjemera, liponyeni m'kapu ya mkaka, kapena wovulalayo alavulire malovu m'kabotolo n'kuikamo dzinolo. Musalisunge m'madzi wamba, chifukwa amawononga timinofu tija.

Inu makolo, dzino la mwana la m'gulu la mano oyamba, aja amene amadzaguluka okha, silibwezeredwa, poti likhoza kuwononga dzino lachikulire limene likukula m'kati mwa nkhama. Mano akutsogolo achikulire amamera mwana ali ndi zaka 6 mpaka 8, ndiye ngati mukukayika, liikeni mu mkaka kuti akaone ndi dokotala wa mano.

Dzino limene langosuntha, likugwedera kapena lamira m'nkhama musalimbane nalo ndi zala. Kuchipatala, dzino lobwezeredwa amalimangirira ku mano anzake ndi kawaya kofewa kwa masabata awiri, ndipo amaonanso ngati pakufunika jekeseni wa kafumbata. Ngati dzino kapena chibenthu chake sichinapezeke, auzeni adokotala mosabisa, chifukwa nthawi zina chimabisala m'mlomo wong'ambika kapena kulowa m'mapapo, ndipo amachiona pokhapokha atajambula. Masabata amenewo wodwala adye zofewa monga phala, ndipo asalumire chilichonse pa dzinolo.