Galimoto ya manual mukaipeza kuti, ndipo ifika bwanji ku Blantyre?

(Kamera ikuloza kumapazi a wolankhula, m'galimoto yoima.)

Tawerengani nane zopondera izi. Kilatchi kumanzere, buleki pakati, chopondera moto kumanja. Zitatu. Tsopano yendani wapansi mu msewu wa Masauko Chipembere, muzisuzumira m'galimoto zomwe zikugulitsidwa m'mbalimo. Mukamawerenga za zopondera zitatu, mwina mukafika ku Limbe zala za dzanja limodzi zisanathe.

Chifukwa chake n'chodziwika. Galimoto zambiri zomwe timayendera kuno zinayamba zayenda ku Japan, ndipo kumeneko pafupifupi aliyense anasiya kusintha magiya ndi dzanja. Sienta yomwe yadzaza pasiteji, Freed, Passo, za ku Japan pafupifupi zonsezi zinatuluka kufakitale zilibe chopondera cha kilatchi. Mungasake bwanji pa intaneti, ya manual n'kovuta kuipeza.

Koma alipo a ife omwe timaifunabe manual, ndipo tili ndi zifukwa. Amene anatsikapo mapiri a ku Chikwawa galimoto itadzaza katundu akudziwa mtendere umene munthu amaupeza akaika giya 2, injini n'kumagwira yokha galimoto, mabuleki osanunkha. Batire ikafooka m'mawa ku Machinjiri, anyamata atatu akukankhani, mwapita. Kilatchi ikatha, makaniko wa ku Ndirande aisintha tsiku lomwelo. Giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa automatic, ikayamba kulira, nkhani yake imakhala ina.

(Kamera ibwerere kunkhope.)

Musanayambe kusirira mtundu wa galimoto, yang'anani mbali yomwe kuli chiwongolero. Ife timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero kumanja. Ku Germany ndi ku France ma manual aliko ambiri, koma chiwongolero chake chili kumanzere. Taganizani muli kumbuyo kwa thiraki pa msewu wa ku Zalewa, mukufuna kuidutsa, koma inu mwakhala mbali ya kutchire. Kuti muone kutsogolo, mpaka theka la galimoto lilowe mbali ya eni ake. Ine sindingamulangize m'bale wanga zimenezo. Choncho maiko otsala oti tiwaganizire ndi atatu: Japan yemweyo, Britain ndi South Africa.

Ku Japan zilipo, kungoti n'zochepa. Corolla Axio ndi Fielder zinatulukapo za magiya asanu, Probox yakale chimodzimodzi, komanso Hiace ndi timalole ta Suzuki Carry. Pa masamba monga BE FORWARD kapena SBT, sankhani pomwe palembedwa MT, kutanthauza manual. AT ndi CVT si zanu. Pa pepala la ku okushoni mukaona F5, ndiye kuti ndodo ya magiya ili pansi, magiya asanu. Komabe musakhutire ndi zilembo. Msuweni wanga anatumiza ndalama ataona MT pa tsamba la wogulitsa wina, n'kudikira miyezi, galimoto n'kufika ili ndi zopondera ziwiri. Ndinaliko tsiku lomwe anaitsegula chitseko. Anangogwira pakamwa, osalankhula. Kuibweza ku Japan kunali kosatheka. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti: pemphani chithunzi cha zopondera, chithunzi cha ndodo ya magiya, ndi nambala ya chasisi, musanatulutse ngakhale tambala.

Britain ndiye kuchimake kwa ma manual akale, chiwongolero kumanjanso. Ubwino wake, mukakhala ndi nambala ya galimoto mutha kuona nokha pa tsamba la boma lawo mbiri ya MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka komwe kumafanana ndi COF yathu. Mumaona zomwe inalephera ndi mtunda womwe inali itayenda chaka chilichonse. Samalani ndi mtundawo, amawerenga m'mamailosi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, ndiye galimoto yolembedwa 100,000 yayenda makilomita 160,000. Chachiwiri ndi dzimbiri. Nyengo yozizira amathira mchere m'misewu, ndipo mcherewo umadya galimoto kunsi pamwamba pakuwala bwinobwino. Ngati muli ndi achimwene ku Manchester kapena ku Leeds, apempheni agwade, ajambule kunsi. Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalirira, ndi masipeya. Galimoto itha kukhala yotchipa ku London, koma ngati m'mashopu a ku Limbe dzina lake sakulidziwa, idzakhala pa mawe kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Kwa ine, amene akufuna pikapu kapena galimoto yaing'ono yolimba ayambe wayang'ana ku Joni. Hilux imapangidwa ku Durban, Ford Ranger ku Pretoria, Isuzu ku Gqeberha, VW Polo ku Kariega, ndipo ma manual kumeneko ndi osasowa. Galimotoyo siyikwera sitima. Imayenda yokha kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuoloka Zambezi ku Tete, n'kulowa pa Mwanza. Koma kuba galimoto ku South Africa ndi vuto lalikulu, ndiye mapepala a apolisi otsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, omwe amatchedwa SARPCCO, musawaone ngati zocheza. Munthu akakuuzani kuti "bwana, zimenezo tikonza pa boda", bwezani ndalama m'thumba. Funsaninso a MRA ngati galimoto yopangidwa konkoyo ingachepetseredwe msonkho pansi pa mgwirizano wa SADC, ndi chikalata chomwe angafune.

(Pa sikirini paoneke mapu.)

Za ku Japan ndi ku Britain zimatsikira pa doko. Ambiri amasankha Dar es Salaam, galimoto n'kulowa pa Songwe ku Karonga, kenako ulendo wonse wa M1 mpaka kuno kummwera. Pali chinthu chimodzi chomwe eni manual amaiwala. Galimoto yanu iyendetsedwa ndi dalaivala yemwe simunamuonepo, ulendo wa masiku, kudutsa mapiri a Chiweta. Ngati ndi uja amapumitsa phazi pa kilatchi, galimoto idzakupezani ikununkha ngati mphira wopsa. Funsani wokuthandizani ku kasitomu kuti abweretse ndani, ndipo ngati thumba likulola, ikwezeni pa thiraki yonyamula galimoto.

Tikambe za ndalama. Mtengo womwe mukuuona pa tsamba nthawi zambiri ndi FOB, kutanthauza galimoto ili pa doko la kwawo. Wofunika kwa inu ndi CIF, womwe waphatikiza sitima ndi inshuwalansi mpaka doko lomwe mwasankha. Pamwamba pake pali zolipira pa doko, wokuthandizani, mafuta a panjira, kenako msonkho: duty, excise ndi VAT. Msonkhowo sayang'ana kuti galimoto ili ndi zopondera zingati, amayang'ana zaka zake ndi kukula kwa injini. Pitani ku Msonkho House, likulu la MRA, mukafunse chiwerengero musanagule, osati galimoto ili kale pa chipata. Ndipo kumbukirani kuti mukulipira m'madola. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo omwe galimoto zawo zinali pa nyanja anadzuka bajeti itasanduka ina. Ku banki nako ndalama zakunja sizipezeka tsiku lomwe mwazifuna. Siyani ndalama yapadera yoti ikugwireni zikasintha.

Wina afunsa: bwanji osangogula automatic pompano n'kuisintha? Zimatheka, amakaniko athu ndi aluso. Koma si giyabokosi yokha. Pafunika zopondera, fulayiwilo, kilatchi, mawaya, ndipo pa galimoto zatsopano kompyuta ya injini imakana kugwirizana ndi zomwe mwaikazo. Pa Corolla yakale ndingavomere. Pa galimoto ya CVT, ayi.

(Wolankhula alize injini.)

Ikalowa m'dziko, a MRA akamaliza zawo, a Interpol ayiona, kenako ku Road Traffic pa Ginnery Corner kukalembetsa, kutenga nambala ndi COF. Musanapite nayo kutali, ipititseni kwa makaniko wanu asinthe mafuta a mu giyabokosi ndi kuona kilatchi. Njira yoyesera nokha ndi iyi: kokani handibuleki, ikani giya 3, musiye kilatchi pang'onopang'ono. Injini ikazima, kilatchi ili moyo. Ikapitiriza kulira galimoto ili chiimire, yambani kufunsa mtengo wa ina. Taonani yangayi. Giya 3, ndikusiya... yazima.