Maceo Parker, mkulu amene analowa mu bandi kudzera mwa mng'ono wake

Mwaswera bwanji anzanga, takulandirani. Ngati munamverapo nyimbo za James Brown, woimba wotchuka wa ku America uja, ndiye dzina loti Maceo munalimva ndithu, mwina simunadziwe chabe kuti ndi munthu. Bwanayo akakuwa "Maceo!" pakati pa nyimbo, amakhala akuitana wa sakisofoni kuti abwere kutsogolo adzaonetse zake.

Maceo Parker anabadwa mu 1943 ku Kinston, North Carolina, ku America. Chosangalatsa nchoti James Brown sankafuna iyeyu ayi, ankafuna mng'ono wake Melvin woimba ma drums, ndiye mu 1964 Melvin atapita kukayamba ntchito anamutenga mkulu wakeyo nkunena kuti nayenso akufuna ntchito, basi onse analembedwa. Poyamba anamupatsa baritone, chisakisofoni chachikulu chija cha mawu a besi, kenako sakisofoni yocheperako ya tenor, pambuyo pake nkudzakhazikika pa ina yocheperanso ya alto. Chitoliro amaimbanso bwinobwino, koma anthu amamudziwira sakisofoni.

Tsopano tamverani kaimbidwe kake, apa mpamene pali nkhani. Anzake ambiri amakonda kuthamangitsa manotsi, phokoso lambirimbiri kuti tiziti ndi akatswiri. Maceo ayi. Amadula mawu mwachidule, pa! pa-pa! nkusiya mpata, nkubweranso pomwe simumayembekezera, moti sakisofoniyo imagwira ntchito ya ng'oma. Ikani nyimbo ya James Brown ya Cold Sweat ya 1967 mumve nokha mmene akulowera ndi kutuluka osasokoneza wa ma drums. Kwa ine luso lake lagona pa mipata imeneyo.

Koma ntchito kwa James Brown sinali yamasewera eti. Ukaphonya notsi kapena kubwera pa siteji nsapato zosapolisha, bwana amakulipitsa fayini, amangokuonetsa ndi zala uku akuvina, ndalama nkudulidwa pa malipiro. Mu 1970 anyamata anatopa nazo nkhani za ndalamazi, ambiri anachoka nkuyambitsa bandi ya Maceo & All the King's Men, Brown osachedwa nkutenga achinyamata ena kuphatikizapo Bootsy Collins wa gitala ya besi. Mu 1973 Maceo anabwereranso, cha mu 1975 nkupita kwa George Clinton ku bandi yake ya Parliament-Funkadelic limodzi ndi mnzake wa trombone Fred Wesley, mu 1984 uyo wabwereranso kwa Brown. Kuchoka, kubwerera, kuchokanso.

Zake zenizeni zinayamba kuyenda ali ndi zaka 47, chimbale cha Roots Revisited chitatuluka mu 1990, kenako Life on Planet Groove mu 1992, chojambulidwa pa shoo anthu akukuwa. Mmenemo ndi momwe amanena kuti nyimbo zake ndi 2% jazz, 98% funk. Kuyambira 1999 woimba wina wotchuka Prince naye anayamba kumutenga, ku studio ndi pa ma shoo omwe.

Ngati ndinu oyamba kumumvera, yambani ndi chimbale cha 1992 chija, ndipo voliyumu mukweze.