Kayaki si bwato, ndipo Ruo si nyanja

(Zimene mkulu wina yemwe ankaperekeza alendo panyanja analankhula pamsonkhano wa achinyamata m'mudzi wina kufupi ndi Likhubula, ku Mulanje)

Zikomo a gulupu, zikomo amfumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwandiitana. Apampando andiuza kuti ndalama za banki m'khonde mukufuna mugulire makayaki awiri, kuti alendo akatsika m'phirimu asamangothamangira ku Mangochi, aziyamba asiyako kangachepe kuno. Ganizolo ndi labwino. Koma ndisanakuombereni m'manja, mumve kaye zimene ndinaona zaka zimene ndinkapalasa ndi alendo ku Cape Maclear.

Agogo apa akufunsa kuti kayakiyo n'chiyani. Agogo, ndi kabwato kowonda, ka munthu mmodzi kapena awiri. Anayambitsa ndi anthu a kumayiko ozizira ngati Greenland, amene ankakuta timitengo ndi zikopa za nyama za m'madzi n'kumasakira. Lero ambiri ndi a pulasitiki. Bwato lathu losema lija timalipalasa ndi nkhafi ya chipande chimodzi, pamene nkhafi ya kayaki ili ndi zipande ziwiri, uku ndi uku, ndipo wopalasa amakhala pansi penipeni, miyendo atatambasula kutsogolo.

Pogula, muyambe mwadzifunsa kuti muzikapalasa pamadzi ati. Kayaki yaitali, ya mamita 4 kapena 5, imathamanga ndi kuyenda mowongoka, koma pokhota ndi nkhutukumve. Imeneyo ndi ya panyanja. Yaifupi, yosafika mamita 3, imatembenuka ngati nguli, ndipo anaipangira akatswiri a m'mathithi. Inu zonse ziwirizi zisiyeni. Funani yotakata, yoti munthu amakhala pamwamba osalowetsa miyendo m'kati, chifukwa ikagubuduzika umangogwera m'madzi n'kukweranso. Imakhala ndi timabowo pansi totulutsira madzi, ndiye musakabweze katundu n'kumati akugulitsani wobooka. Zopopa ngati chubu ziliko, zimakwana ngakhale mu minibasi, koma mphepo imazikankha mosavuta ndipo chitsa chimodzi chosongoka chingathe kukutherani mpamba wonse.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, ivundikireni muone kunsi. Ming'alu, malo ophwafuka, pulasitiki yosuluka ndi dzuwa mpaka kumayoyoka ngati ufa, imeneyo musiyireni mwini wake. Ndipo ndalama yoyamba kutuluka m'thumba ikhale ya majekete oyandamitsa munthu. Popanda jekete, palibe wokwera, kaya akhale mwana wa amfumu. Pepani amfumu, koma ndi momwemo.

Kunyamula sindikhalitsapo. Kayaki ya pulasitiki imalemera makilogalamu pakati pa 20 ndi 30, ndiye muzinyamula awiri, wina kumutu wina kumchira, osaikoka pamiyala. Pagalimoto muivundikire, mvula ingadzazemo madzi, muyale masaka pansi, mumange malo awiri pakati, kenako chingwe kumutu ndi kumchira. Malegeni asiyireni a kabaza. Amatamuka, ndipo m'makona a msewu wa Thyolo uja mudzangoona kayaki ili m'munda wa tiyi. Mukayenda pang'ono imani, mukokenso zingwe.

Tsono kapalasidwe. Iwe mnyamata wa malaya ofiira, tabwera ndi msungwi uwo. Uike pamutu, ugwire manja onse awiri mpaka zigongono zipange makona ngati a chitseko. Eya, pamenepo ndiye pogwira pako. Chipande chimalowa m'madzi pafupi ndi zala za kuphazi, n'kutuluka chikafika m'chiuno. Ukachipitiriza kumbuyo ukungonyamula madzi pachabe. Oyamba kumene amakoka ndi mikono, ndipo pakangotha mphindi zochepa mapewa ayamba kuwotcha. Mphamvu ili m'chiunomu ndi kumsana: thupi lizipotoloka, phazi likuponda kutsogolo. Amayi osinja akundimva, paja munsi sautukula ndi manja okha. Maso aziyang'ana kumene ukupita. Ukamayang'ana madzi a pambali pako, udzawatsatira.

Apa ndiye pali nkhani imene ndabwerera. Ine panyanja ndinagubuduzikapo kamodzi, mwezi wa July, mwera utandipeza ndikubwerera kuchokera kuchilumba. Ndinali nditaona mafunde oyera patali koma ndinadzitama kuti ndiwapitirira. Chinandipulumutsa ndi jekete komanso kusataya kayaki. Ndinaikakamira mpaka asodzi anandiona. Komabe nyanja inandichenjeza, kusamva kunali kwanga. Mitsinje yathuyi sichenjeza. Likhubula, Lichenya, Thuchila, Ruo, yonseyi imachokera pamwamba paphiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Mvula ikhoza kugwa kumtunda uko ife kuno tikuotha dzuwa, madzi n'kungofika ngati khoma. Mukaona madzi ayamba kufiira, tizinyalala ndi timitengo tikuyandama, tulukani nthawi yomweyo, osati mumalize kaye ulendo wa mlendo. Za namondwe wa Freddy mu March 2023 sindikuuzani ine, munaziona nokha. Ndingokukumbutsani kuti chichokereni nthawi imeneyo mitsinje ina inasintha njira, ndipo pamene panali dziwe lero pali miyala ndi mitengo yogwa.

Mtengo wogwera mumtsinje ndi msampha ngati mono: madzi amadutsa, munthu amatsala. Chimodzimodzi timilatho tatifupi ndi pamene anatchinga madzi ndi simenti, chifukwa kunsi kwake madzi amazungulira n'kumakubwezera pomwepo. Ukagwera m'madzi othamanga usayese kuimirira, phazi limakodwa pakati pa miyala madzi n'kukugwetsa chafufumimba. Gona chagada, mapazi atsogole kumene madzi akupita, uzisambira chammbali mpaka ufike pamadzi odekha.

Bambo uko akuti, nanga Ruo si wamkulu, bwanji osangotsetsereka naye? Bambo, Ruo akafika ku Thyolo amagwa pa mathithi a Zoa, ndipo akamayandikira Chiromo kumene amakathira mu Shire, ng'ona ndi mvuu ndiye eni madzi. Komanso kuchokera pamene Muloza amalowa mu Ruo, tsidya linalo ndi Mozambique. Inu mumawoloka kukagula chimanga, koma mlendo wa pasipoti akakocheza tsidya ilo ndi mlandu, ndipo woyankha mudzakhala inu.

Ndiye malangizo anga ndi akuti muyambire pamadzi oima. Madamu a m'maesiteti a tiyi alipo. Apampando ndi amfumu apite akapemphe chilolezo, asakalowe mwakuba. Miyezi ya chilimwe, m'mawa mphepo isanadzuke, awiriawiri, wina ali pamtunda ndi chingwe. Tsiku la chiperoni ayi, madzi a kuno ndi ozizira kale, munthu wonyowa amayamba kunjenjemera mpaka kulephera kugwira nkhafi.

Amayi mwakweza dzanja. Likodzo? Mwafunsa bwino. Nkhono zake zimakonda madzi oima a udzu m'mbali, ndiye damu lililonse musalikhulupirire. Mwana akayamba kukodza magazi apite kuchipatala, mankhwala ake alipo. Tsono Loweruka likubwerali onse ofuna kupalasa tikumane kudziwe, opanda kayaki. Ndikufuna ndione kaye amene amatha kusambira, chifukwa manja amene anakwezedwa poyamba paja, a amene mumati mumatha kusambira, ndawawerenga, ndipo ena a inu ndikukudziwani.